Swichi ya Pansi pa Masitepe

Nditabwerera ku Chirimba, anthu ankandifunsa zinthu ziwiri: ngati kumeneko kuli fumbi, ndiponso ngati n'zoona kuti magetsi sazima. Funso loyambalo ndinkayankha mosavuta. Lachiwirilo ndinkangomwetulira. Tsiku lina ndinayesa kunena kuti amazima, malume anga anaseka mpaka kutsokomola.

"Ku Mangalande? Usatinamize iwe, tinakulera ndife."

Ndinasiyira pomwepo. Koma m'kabuku kamene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku muli Loweruka lina limene linadya masamba asanu ndi anayi, ndipo onsewo ndi a magetsi.

Amayi anapita ku Mangalande ine ndili wamng'ono, anandisiya kwa malume. Ndinawatsatira ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Pabwalo la ndege ndinawazindikira ndi kayendedwe kokha, chifukwa nkhope inali itasintha. Tinkakhala ku Wigston, m'chipinda chimodzi chapamwamba, m'nyumba ya anthu asanu, onse ogwira ntchito yosamalira okalamba. M'nyumbamo nthawi zonse munkakhala wina wogona, choncho tinkayenda monyang'ama ngakhale masana. Ine zimenezi zinkandikomera. Kusukulu aphunzitsi ankandiuza tsiku lililonse kuti ndikweze mawu, koma kunyumba mawu anga ankakwanira.

M'chipinda choyandikana ndi chathu munkakhala anti Bupe a ku Zambia, amene anali ndi kagalimoto kofiira. Iwo ndi amayi ankagwira shifiti imodzi yausiku ku nyumba ya okalamba ku Corby, ndipo ankapitira limodzi. Ankanditchula kuti "a sisitere" chifukwa chosalankhula.

"A sisitere, mwalemba chani lero? Mwandilemba ine? Mulembe kuti ndine woonda."

Amayi anali ndi ntchito yachiwiri. Masana ankasamalira bambo wina wokalamba dzina lake Harold, m'kamudzi kakang'ono kunja kwa Wigston, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda ya nkhosa. Anawalemba ntchitoyo ndi mwana wa bamboyo, a Graham, amene ankakhala ku Loughborough. Loweruka m'mawa amayi ankakhala asanafike kuchokera ku Corby, ndiye kwa maola awiri kapena atatu ndinkawagwirira ndine. A Graham sankadziwa. A Harold ankadziwa, ndipo ankati imeneyo ndi nkhani ya atatufe.

Ntchito yanga sinali yovuta. Kutsegula makatani, kuphika phala, kuwapatsa mapilitsi amene amayi anaika kale m'kabokosi, kutsuka mbale. A Harold anali munthu wamkulu thupi, wa chifuwa chosatha ndi mawondo ofooka. Anagwira ntchito zaka zambiri m'fakitale yoluka masokosi, ndipo munthu akalowa m'nyumba mwawo ankayamba kumuyang'ana kumapazi. Masokosi anga ankawanena mosabisa.

"Awa analuka ndi munthu amene amadana nawe."

Ankagona m'chipinda chapansi, ndipo tsiku lonse ankakhala pampando wamagetsi. Ukadina batani lina unkagona chagada, miyendo m'mwamba. Ukadina lina unkadzuka pang'onopang'ono mpaka kuwaimiritsa. Popanda mpandowo sakanatha kuimirira okha.

Chinthu chimodzi chimene ankachiopa ndinachidziwa sabata yoyamba. A Graham ankafuna kuwasamutsira ku nyumba ya okalamba. Ankati nyumbayo ndi yakale, ndi yozizira, ili kutali ndi chipatala. Chaka cham'mbuyo a Harold anagwa m'bafa, ndipo anagwirizana ndi a Graham kuti chikachitikanso china, sadzakananso.

"Ndiye ine ndi nyumbayi tili pa chenjezo lomaliza," anandiuza. "Tonse awiri tiyenera kukhala ndi khalidwe."

Ndiyenera kufotokoza za kwa malume, apo ayi zimene ndinachita sizingamveke. Kwa malume kunali firiji imene azakhali ankagulitsiramo mafirizesi. Tsiku lina magetsi anazima, ndipo pobwera anabwera ndi mphamvu, firiji ija n'kupsa, wailesi yakanema n'kupsa. Kuyambira tsiku limenelo panakhala lamulo: magetsi akangozima, amene ali pafupi athamange akatsitse swichi yaikulu ya nyumba yonse. Amene ankakhala pafupi nthawi zambiri ndinali ine. Ndinaiwala kamodzi kokha, ndipo malume sanandimenye, anangondiimika pakhonde n'kundifunsa ngati amayi anga anapita kukavutika kunja kuti ine ndizitentha katundu. Sindinaiwalenso. Ndinkatha kuipeza swichiyo mumdima, ndili m'tulo.

Chaka changa chachiwiri sinowo inabwera msanga, mitengo isanayoyole masamba. Aliyense anadabwa. Ndinadzuka Loweruka m'mawa ndikuona ikugwa ikuluikulu ngati thonje lonyowa, ndipo mphepo inkaikankhira cham'mbali. Sinali ija youma imene ndinaiona chaka choyamba, yosasika ndi dzanja. Iyi inkamata. Inkamata pamasamba, pamawaya, pamagalasi a basi. Basi inkayenda ngati ikuperekeza maliro. Titatuluka m'tauni ndinaona mitengo itawerama mpaka nsonga kukhudza pansi, ndipo ndikutsika ndinamva nthambi ikuthyoka kuseri kwa tchalitchi, phokoso lake ngati munthu akuthyola mzimbe pabondo. Kenaka ina. Kenaka ina patali.

M'kamudzimo mawaya amayenda pamwamba, pamitengo, ngati kwathu. Tsiku limenelo anali atanenepa ndi sinowo, atalendewera pakati.

Ndinapeza a Harold ali kale pampando. Anadya phala, anamwa mapilitsi, anayang'ana panja n'kunena kuti m'moyo wawo wonse sanaonepo sinowo ikugwera masamba obiriwira. Kenaka anagoneka mpando wawo monga ankachitira akatha kudya, n'kugona tulo.

Ndinali kukhitchini pamene babu linaphethira. Linaphethiranso. Kunja kunamveka kugwa kwa chinthu cholemera, ndipo firiji inasiya kulira.

Sindinaganize. Ndimafuna nditanena kuti ndinaganiza molakwika, koma sindinaganize n'komwe. Miyendo inanditengera pansi pa masitepe, pamene ndinkaona bokosi la magetsi ndikamatenga tsache. Ndinatsegula, ndinapeza swichi yofiira yaikulu kuposa zinzake, ndinaitsitsa. Ndinamva mtima kukhala pansi. Ndinaganiza za mpando wawo wodula uja, ndi wailesi yawo, ndipo ndinadziona ngati mwana wosamala.

A Harold anadzuka cha m'ma naini ndi theka. Ndinamva batani likudinidwa kangapo.

"Wafa mpandowu?"

"Magetsi azima, bambo."

"Chiyani?"

Ankamva movutikira, ndipo mawu anga sankawathandiza. Ndinayandikira n'kubwereza.

"Aa. Ndi mitengoyi. Akonza, asiye. Lero ali ndi ntchito anyamata amenewo."

Anandiuza kuti pansi pa mpando pali kabokosi ka mabatire othandiza zikatere. Ndinagwada n'kukapeza. Munalibe kanthu. Anaseka pang'ono, anati anawachotsa okha chaka chatha n'kuwaika mu tochi. Tochiyo tinaipeza, mabatire ake atatha.

Ndinayesa kuwadzutsa. Anandigwira m'mapewa, ine ndinawagwira m'khwapa, koma mpandowo unali utawameza, mutu pansi, mawondo m'mwamba. Titayesa kachitatu anayamba kutsokomola kwambiri mpaka nkhope kufiira, ndipo ndinachita mantha. Ndinawaikira mapilo kumsana. Ndi zokhazo zimene ndinatha.

Amayi sankayankha foni, chifukwa pantchito amaitsekera m'kabati. Anandiimbira cha m'ma teni, akunong'ona, ndipo ndinadziwa kuti ali m'chimbudzi.

"A shifiti ya masana sanafike, msewu wagwera mtengo. Sangatilole kuchoka. Uli bwanji kumeneko?"

"Magetsi azima. Ali pampando, sukudzuka."



"Wawafunditsa?"

"Eya."

"Uwonjezere. Usaimbire wina aliyense, wamva? A Graham akadziwa kuti uli wekha kumeneko, tathera pomwepo. Magetsi akuno sachedwa, mwanangu. Pirira pang'ono."

Za swichi sindinanene. Sikuti ndinkabisa. Kwa ine sinali nkhani, zinali ngati kunena kuti ndatseka chitseko.

Nyumba za kumeneko zimatenthedwa ndi madzi oyenda m'mapaipi, koma makina ake sayaka popanda magetsi. Chitofu chinali chamagetsi. Ketulo yamagetsi. Pofika leveni mapaipi anali atazizira, ndipo pofika masana ndinkaona mpweya wa a Harold ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ndinatenga mabulangeti onse a pabedi, ndinatsitsa ena m'chipinda chapamwamba mmene munali zovala za malemu akazi awo. Ndinawafunditsa jekete langa. Ndinawavalitsa masokosi awiriawiri, ndipo ngakhale pamenepo anandiuza kuti ndayamba ndi olakwika, aubweya amakhala kunja. Nkhomaliro inali mabisiketi ndi mkaka wozizira. Ndinkawagwirira kapu chifukwa kumwa chagada kunkawatsamwitsa.

Cha m'ma wani anandiitana ndi mawu ena.

"Pali botolo m'bafa. Ubwere nalo, ukatero upite kukhitchini."

Ndinachita zimenezo. Ndinaima kukhitchini ndikuyang'ana mtengo wa maapozi wa kuseri utang'ambika pakati, mkati mwake moyera ngati chinangwa. Patapita nthawi ndinamva botolo likugwa pansi. Sanandiitane. Ndinadikira, kenaka ndinalowa. Buluku lawo linali litanyowa mpaka kumsana, ndi mpando womwe. Anayang'ana kudenga.

"Usandiyang'ane, mwanawe."

Ndinayesa kuwavula koma sindikanatha kuwanyamula m'chiuno. Ndinangolowetsa matawulo paliponse pamene dzanja linkafika. Atanyowa ndinaika ena. 

Ndadzifunsa kambirimbiri chifukwa chake sindinapite kukayesa swichi ija ngakhale kamodzi. Yankho lake ndi lopusa, koma ndi loona. Kwathu magetsi akabwera sufunsa munthu. Ana a mudzi wonse amakuwa kuti "Ayaka!" kuyambira kumtunda mpaka kumsika. Wailesi ya aneba imayambira pamene inalekezera, chigayo chimalira, wowotcherera zitsulo amayamba phokoso lake. Ukamva zimenezo umadikira pang'ono kuti mphamvu ikhazikike, ndiye ukweza swichi. Ine tsiku lonse ndinali kumvetsera. Ndinkaima pazenera, ndinatsegulanso chitseko kawiri. Kunja kunali zii. Nyumba zotseka, makatani otseka, sinowo ikusanduka madzi, nthambi zili mbwee mumsewu. Patali ndinamva makina ochekera mitengo, kenaka anasiya. Palibe anakuwa. Ndiye ndinkati sanabwere.

Nyumba yoyang'anana nayo munkakhala mayi wina dzina lake Pat. Ndinaganiza zokagogoda. Ndinavala nsapato, ndinafika pageti. Koma mayiyo ankadziwana ndi a Graham, ndipo mawu a amayi anali m'khutu. Ndinabwerera.

Nyengo imeneyo kumada msanga. Itangopitirira folo, nyali ya mumsewu inayaka. Ndinaiyang'ana osamvetsa. Kenaka ndinaona pazenera la a Pat kuwala kwa wailesi yakanema kukusinthasintha, ndipo nyumba ina kumunsi inali ndi nyali pakhomo.

Ndinapita pansi pa masitepe. Ndinakweza swichi. Nyumba yonse inadzuka nthawi imodzi: firiji, makina a madzi otentha, babu la kukhitchini, wailesi ikunena za misewu yotsekedwa.

"Abwera," anatero a Harold. Mawu awo anali atachepa. "Ndinakuuza kuti akonza."

Mpando unawadzutsa. Sanathe kuima. Ndinawasintha zovala atatsamira pa ine, thupi lawo lozizira ngati khoma, ndipo sanandiuzenso kuti ndisayang'ane.

Amayi ndi anti Bupe anafika cha m'ma faifi, maso ofiira. Akutsika m'galimoto, a Pat anatuluka kudzafunsa ngati zonse zili bwino, poti anaona nyumba ili mumdima.

"Kwathu anabwera cha m'ma leveni," anatero. "Msewu wonse anabwera leveni. Kuno ayi?"

Amayi anatembenuka n'kundiyang'ana. Anakulira m'nyumba za ku Blantyre ngati ine. 

M'mawa mwake a Harold anatentha thupi ndipo ankapuma ngati akukoka chingwe. Ambulansi inawatenga. Kuchipatala anati ndi chibayo. A Graham anafika masana, anatsegula bokosi la pansi pa masitepe, analiyang'ana nthawi yaitali.

"Swichiyi iyenera kuti inadzigwetsa yokha magetsi pobwera," anauza amayi. "Mawaya a m'nyumba muno ndi akale kuposa ine. Ndakhala ndikunena. Musadziimbe mlandu, simukanadziwa. Mwachita bwino kukhala nawo tsiku lonse."

Amayi anagwedeza mutu. Ine ndinali pakona ndi thumba la zovala zokachapa, ngati mwana amene wangoperekeza mayi ake.

M'galimoto ndinanena. Ndinanena ndikuyang'ana mawondo anga.

"Ndinatsitsa ndine."

"Ndikudziwa," anatero amayi.

Anti Bupe anaimitsa galimoto pambali pa mtengo wina umene anali ataucheka zidutswazidutswa. Kwa nthawi yoyamba sananditchule sisitere.

"Iwe mwana. Kuno sazimitsa."

"Ndimaopa kuti mpando upsa."

"Mpando," anatero, n'kupukusa mutu. Kenaka anatambasula dzanja kumbuyo n'kundigwira bondo.

"Tikawauza a Graham kuti nyumba ilibe vuto, mwina sawasamutsa," ndinatero.

"Ukawauza kuti unatsitsa ndiwe, afunsa kuti ine ndinali kuti," anatero amayi. "Akafunsa zimenezo alemba lipoti. Lipotilo lifika ku Corby. Munthu wosiya nkhalamba yodwala ndi mwana wasukulu salembedwanso ntchito yosamalira okalamba m'dziko muno. Ukatero tidya chiyani? Ang'ono ako kumudzi aphunzira bwanji?" Anapukuta galasi ndi mkono wa juzi ngakhale linali loyera. "Wolakwa ndine. Koma pakamwa pako pakhale potseka."

Ndinatseka. Ndinapita kusukulu Lolemba, ndinalemba mayeso a masamu. Sinowo inali itatha yonse, kunangotsala milu ya nthambi m'mbali mwa misewu, masamba ake akadali obiriwira.

A Harold anakhala m'chipatala milungu itatu. Atatuluka sanabwerere kwawo. Anawapezera malo ku Loughborough, pafupi ndi a Graham. Tinapita kukathandiza kulongedza, ndipo pageti panali pataima kale chikwangwani chogulitsa nyumba. A Graham anapatsa amayi kalata yabwino yowachitira umboni, ndipo anandipatsa ine bokosi la masokosi atsopano amene bambo awo ankasunga.

Patapita mwezi ndinapempha kuti tikawaone. Anti Bupe anatitenga Lamlungu titatuluka m'tchalitchi. Amayi anati mutu ukuwapweteka, atsala m'galimoto. Ndinalowa ndekha.

Ndinawapeza m'chipinda chachikulu chochezera, pamzere wa mipando yoyang'ana wailesi yakanema. Anali ataonda. Anavala juzi imene sinali yawo. Anandizindikira, anayang'ana kumapazi kwanga, anagwedeza mutu.

"Tsopano ndiye wavala masokosi."

Ndinakhala pakampando pambali pawo. Anandiuza kuti chakudya n'chofewa kwambiri, kuti bambo wa chipinda choyandikana amaimba usiku wonse. Kenaka anati, "Inandigwiritsa mwala nyumba ija. Zaka makumi asanu ndikuisamala."

Ndinali nditakonzekera mawu m'kabuku, ndinawaloweza m'galimoto. Ndinawanena.

"Chiyani?"

Ndinabwereza.

"Kweza mawu, mwanawe, makutu awa ndi okongoletsa chabe."

Ndinanena kachitatu, mokweza kuposa mmene ndinalankhulirapo m'dziko limenelo. Mayi wina wa pampando wachitatu anatembenuka. Ndinati swichi sinagwe yokha, ndinaitsitsa ndine, chifukwa kwathu timatero. Ndinati magetsi anabwera m'mawa ndipo ine sindinadziwe.

A Harold anandiyang'ana. Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya.

"Nthawi yanji?"

"Leveni."

"Leveni." Anayang'ana manja awo. "Ndiye kuti mawaya alibe vuto."

"Alibe."

"Nyumba ili bwinobwino."

"Ili bwinobwino, bambo."

Nkhope yawo inasintha. Anadzikoka kukhala tsonga, anandigwira pamkono ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo.

"Sinagulidwe. Graham akuti anthu akungoiona n'kumapita. Umuuze. Ine akuti ndasokonezeka mutu chidwalireni, sangandimvere. Koma iwe akumvera. Umuimbire lero. Umuuze mmene wandiuziramu, mokweza."

Sanaganize za amayi. Kapena anaiwala kuti inali nkhani ya atatufe. Sindinawakumbutse.

"Undilonjeze."

"Ndiwauza," ndinatero.

Anandisiya mkono, anatsamira, anatseka maso akumwetulira. Mtsikana wa yunifolomu anabwera ndi tiyi pa kangolo, anandifunsa ngati ndine mdzukulu wawo. Ndinati ayi.

Panja kunali kamvula. Anti Bupe anali atagona pachiwongolero. Amayi anali maso, manja ali pakati pa mawondo, atavala kale yunifolomu ya shifiti ya madzulo pansi pa jekete. Nambala ya a Graham inali m'foni mwanga kuyambira tsiku loyamba, amayi anandilembera okha kuti mwina padzagwa zadzidzidzi.

"Wawapeza?"

"Eya."

"Ali bwanji?"

"Aonda."

"Anena chiyani?"

Ndinayang'ana dzanja la amayi, losweka ndi sopo wa kuntchito. Ndinaika foni m'thumba.

"Akuti moni."